Chotupa cha pakhosi ndi kadontho ka m'chiwindi: ulendo wanga m'zipinda zojambulira

Amene anayamba kuchiona sindine ayi, ndi mayi amene amandiluka tsitsi. Ndikumwa madzi, iye ali kumbuyo kwanga akuyang'ana pagalasi, anati, "Asisi, pakhosi panupa pali kanthu kakukwera ndi kutsika mukameza." Sikankapweteka, ndipo kwathu chithokomiro si chachilendo. Agogo anga anakhala nacho mpaka kukalamba, nthawi imene mchere wa ayodini unali usanafike m'magolosale a kumudzi. Koma changa chinali mbali imodzi yokha, cholimbirako, ndiye ndinatenga buku langa lachipatala n'kupita.

Adokotala a pachipatala chaching'ono anaima kumbuyo kwanga, n'kundigwira pakhosi ndi manja onse awiri, n'kundiuza kuti ndimeze malovu. Mafunso awo anali ambiri: kodi ndikuwonda chonsecho ndikudya bwino, mtima ukuthamanga, thukuta likutuluka ngakhale kukuzizira, mawu asasa, chakudya chikutsamwitsa, alipo m'banja amene anadwalapo khansa ya pakhosi? Kenako anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kalata imeneyi musaitaye. Popanda iyo mukhoza kubwezedwa pageti.

Ine ndinkafuna kuthamangira kukajambulitsa, koma kumeneko anayamba ndi magazi, kuyeza chimene amachitcha TSH, mahomoni amene amalamulira ntchito ya chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kamene kakatupa timakatchanso dzina lomwelo. Chifukwa chake n'chomveka. TSH ikatsika kwambiri, ndiye kuti chithokomiro chikugwira ntchito mopyola muyezo, ndipo mwina chotupacho ndi chimene chikutulutsa mahomoni ochulukawo. Chotupa chotero kawirikawiri sichikhala khansa, ndipo njira yake ndi ina: amakupatsa mankhwala okhala ndi mphamvu pang'ono ya radiyeshoni n'kujambula kuti aone pamene asonkhana. Yanga inali bwinobwino, choncho ananditumiza ku sikani ya ultrasound, yomwe ija amayi oyembekezera amaonera mwana, kungoti kachipangizo ka pakhosi n'kena, koona bwino zinthu zosazama.

Pa sikani ya pakhosi palibe kusala kudya. Valani bulauzi yotsegula pakhosi, mikanda ndi tcheni musiye kunyumba. Anandigoneka chagada, pilo kunsi kwa mapewa kuti mutu upendekere kumbuyo, n'kundipaka mafuta ozizira aja. Sizipweteka, koma akakanikiza pafupi ndi kholingo umamva ngati ukufuna kutsokomola. Wojambulayo anayenda mbali zonse ziwiri, kenako anatsetserekera m'mbali mwa khosi kuyang'ana timwanabere. Pasanathe theka la ola tinali titamaliza.

Pepala limene ndinatuluka nalo ndi limene linandisowetsa tulo, chifukwa pansi pake panali mawu akuti TR4 ndipo panalibe amene anali ndi nthawi yondimasulira tsiku limenelo. Nditakumananso ndi adokotala ndinakakamira kuti andiuze. Anatenga bolopeni n'kujambula pachikuto cha buku langa. Njira imeneyi, ya TI-RADS, inakonzedwa ndi bungwe la American College of Radiology mu 2017, ndipo imapereka mapointi pa zinthu zisanu: chotupacho n'cha madzi kapena cha mnofu, n'chowala kapena chakuda poyerekeza ndi chithokomiro chochizungulira, n'chotambalala kapena chaimirira, m'mphepete mwake n'mosalala kapena mokumbikakumbika, ndiponso ngati muli timadontho toyera ta kashiyamu. Mapointiwo akaphatikizidwa amaika chotupacho m'gulu, kuyambira TR1 mpaka TR5. Chotupa cha madzi okhaokha, kapena cha timabowo tambirimbiri ta madzi, sichidetsa nkhawa. Chimene amachiopa ndi chakuda kwambiri, chotalika kuposa kutambalala kwake, chokhala ndi timadontho tija. Changa chinali cha mnofu ndiponso chakuda pang'ono, mapointi 4, koma chosalala komanso chotambalala. Kukula kwake kunali 1.8 cm.

"Mayi, TR4 si khansa," anatero. "Ikungotiuza kuti tisangochiyang'ana, titengepo kanyama." Lamulo lake n'lakuti TR4 amabaya ikafika 1.5 cm, TR5 ikafika 1 cm, pamene TR3 amaidikira mpaka 2.5 cm. Anawonjezera kuti pa zotupa khumi za m'chithokomiro, pafupifupi zisanu ndi zinayi sizikhala khansa. Chithunzi chimangosankha zoyenera kubaya. Chigamulo chimachokera kwa amene amayang'ana kanyamako pa maikulosikopu.

Kubayako amakutcha FNA. Singano yake njoonda kuposa ya kutenga magazi pamkono, ndipo amailondolera ndi sikani yomwe ija kuti ilowe m'chotupa osati pambali. Anandifunsa kaye ngati ndikumwa asipulini kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi. Chovuta sichinali ululu koma kulamulidwa kuti ndisameze, ndisalankhule, ndisatsokomole singano ili mkati. Munthu akakuletsa kumeza m'pamene malovu amadzaza m'kamwa. Anabaya kangapo, n'kupaka zimene watenga pa timagalasi, n'kundimata pulasitala. Madzulo ake ndinaphika nsima ngati masiku onse.

Zotsatira zinatenga masabata, chifukwa madokotala oyeza tinyama ndi ochepa m'dziko muno. Lembani nambala ya labu imene yaikidwa pa timagalasi tanu, ndi imene amafufuzira mukabwera kudzafunsa. Zanga zinabwera zolembedwa Bethesda II, kutanthauza kuti si khansa. Bethesda ndi njira yoikira zotsatira za kanyamako m'magulu, ndipo magulu ake alipo 6. Mukaona Bethesda I musasangalale kapena kulira: zikutanthauza kuti zimene anatenga sizinakwanire, ndipo ayenera kubayanso.

Nkhani ikanathera pamenepo, koma pa mafunso a za m'banja aja ndinali nditatchula kuti achimwene anga anamwalira mimba itatupa, maso ali chikasu. Anthu ankati ndi kachasu, chonsecho munthuyo anali mkulu wa mpingo wosalawa n'komwe. Adokotala anandiyezetsa kachilombo ka hepatitis B, ndipo kanapezeka. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno ku Malawi mu 2002, ndiye ife obadwa kale tinaphonya, ndipo ambiri tinakatenga tili aang'ono osadziwa. Kachilomboka ndi kamene kamayambitsa khansa ya chiwindi yambiri mu Africa muno, ndipo chuku cha m'mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimawonjezera moto.

Sikani ya pamimba ili ndi malamulo ake. Amafuna ubwere usanadye kwa maola 6 mpaka 8, kuti ndulu ikhale yodzaza ndiponso mpweya wa m'matumbo usatchinge chithunzi. Madzi akumwa okha ndi amene amaloledwa. Nyamulani kachakudya m'chikwama, chifukwa mzere ukhoza kukufikitsani masana. Wojambula ankandiuza kuti ndikoke mpweya n'kuugwira, kuti chiwindi chitsike kuchoka kuseri kwa nthiti, kenako n'kunditembenuzira kumanzere. Atafika pena pake anakhala chete, n'kumabwerera pamalo amodzimodzi. Anapeza kadontho kowala ka 2 cm.

Kwa munthu wopanda vuto lililonse la chiwindi, kadontho kowala kotero nthawi zambiri kamakhala hemangioma, kamulu ka timitsempha ta magazi kosavulaza, ndipo amangokasiya. Kwa ine wa hepatitis B sakanangoganizira. Anandiyeza m'magazi AFP, imene imatha kukwera munthu akakhala ndi khansa ya chiwindi, ndipo inali yotsika, koma adokotala anandichenjeza kuti khansa zina za chiwindi sizikweza AFP. Pankafunika CT, sikani yojambula m'kati mwa thupi ndi ma X-ray, yothira mankhwala mumtsempha.

Apa ndi pamene ulendo unandilemera. Makina a CT ndi ochepa, ndipo amene ndinalembedwako anali atawonongeka. Ndinayenera kusankha kudikira kapena kukalipira kuchipatala cholipira, ndipo abale anasonkha. Ngati zikukuchitikirani, onetsetsani kuti pa fomu palembedwa kuti akufuna CT ya chiwindi ya magawo atatu. CT wamba ya pamimba ikhoza kukudyerani ndalama osayankha funso.

Asanandithire mankhwalawo anayeza impso, n'kufunsa ngati ndili ndi pakati, ngati ndimamwa metformin wa shuga, ngati thupi langa linadanapo ndi mankhwala ojambulira. Ineyo ndinatchula za chithokomiro, ndipo zinali zofunika: mankhwalawo ali ndi ayodini wambiri, amene amatha kupsetsa mtima chithokomiro chokhala ndi zotupa mpaka kuyamba kugwira ntchito mopyola, komanso amasokoneza sikani ya radiyeshoni ya chithokomiro kwa masabata angapo. Anaona TSH yanga m'buku n'kunena kuti tipitirize, koma ndidzayezetsenso pakapita nthawi.

Anandiika kanula pamkono, n'kundigoneka manja ali pamwamba pa mutu. Mankhwala atalowa ndinamva kutentha kukuyenda thupi lonse, m'kamwa mukukoma chitsulo, ndipo ndinakhulupirira ndithu kuti ndadzikodzera. Sindinatero. Namwino anali atandichenjeza, koma ndinagwirabe chitenje kuti nditsimikize. Tebulo linalowa ndi kutuluka, mawu a m'sipika akundiuza nthawi yogwira mpweya.

Chifukwa chojambulira katatu ndinachimvetsa pambuyo pake. Chiwindi chimalandira magazi ambiri kudzera mumtsempha wochokera kumatumbo, pamene khansa yake imadya kuchokera kumtsempha wochokera kumtima. Ndiye khansa imawala msanga pa chithunzi choyamba, kenako n'kuzilala chiwindi chonse chikamawala. Maonekedwe amenewo akapezeka pa chotupa cha 1 cm kapena kuposa mwa munthu amene chiwindi chake chinauma ndi zipsera za matenda, madokotala amatha kugamula popanda kubaya. Hemangioma imachita zina: imayamba kuwala m'mphepete n'kumadzaza pang'onopang'ono kulowera pakati, ngati chitenje chimene mphepete yake yagwera m'beseni. Kanga kanachita chimodzimodzi. Kakanakhala kosadziwika bwino, akananditumiza ku MRI, sikani ina yojambula ndi maginito.

Panopa ndili ndi madeti awiri m'buku langa. Chiwindi amachiona ndi ultrasound pa miyezi 6 iliyonse, pamodzi ndi magazi oonera ngati nthawi yoyamba kumwa tenofovir, mankhwala a hepatitis B, yakwana. Pakhosi adzajambulanso pakatha chaka kuti aone ngati chotupa chakula. Popeza zipatala zathu sizitumizirana zithunzi, malipoti onse ndi CD ya CT ndimayenda nazo ndekha, ndipo ndinazijambulanso pafoni, chifukwa wojambula watsopano amafuna muyezo wakale kuti ayerekeze. Bambo a kunyumba ndi ana anakayezetsa hepatitis B. Anawo analandira katemera ali makanda ndipo alibe. Bambowo nawonso alibe, moti ayamba kubayitsa katemera mwezi uno.