Ufa wa chammwamba ndi phala la wodwala amene akuchira

Kuno ku Thyolo chimene chimawononga ufa wa chammwamba ndi chinyezi. Mtengowu umakonda malo otentha ngati ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumtunda kuno umakula pang'onopang'ono, komabe masamba umapereka. Chiperoni chikagwa, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, masamba amatha sabata yathunthu ali lende pa thandala mpaka kugwira chuku. N'chifukwa chake ufa wambiri ndimapanga mvula ikangokata, masamba akadali ambiri, ndipo ndimayamba tsiku limene kwacha bwino.

Ndimathyola m'mawa mame atauma. Ndimatenga masamba obiriwira okhaokha, achikasu ndi amawanga ndimataya. Mizu ndi makungwa sindikhudza konse: muli zinthu zowawa zomwe zingavulaze munthu, makamaka mayi woyembekezera. Ndimatsuka nthambizo m'madzi oyera kawiri, kuzikutumula, kenako ndimapulula timasamba n'kusiya timitengo, chifukwa timitengoto timachedwetsa kuuma ndipo sitisinjika.

Poyanika ndi pamene ambiri amalakwitsa. Dzuwa limaumitsa msanga, inde, koma limawononga mbali ina ya mavitamini, makamaka A ndi C, ndipo masamba amatuwa. Ine ndimayala pa nsalu yoyera kapena pa malichero, m'chipinda chopita mphepo, pamwamba pomwe nkhuku ndi fumbi sizifika. Ndimayala mopyapyala, osaunjika, ndipo ndimatembenuza kawiri pa tsiku. Kukakhala kouma, masiku atatu kapena anayi amakwana. Ouma bwino amatekedzeka ukawafikisa m'manja. Akamapindika ndiye kuti madzi akadalimo. Akanunkha chinyontho kapena akaoneka timadontho takuda kapena totuwa ngati thonje, ndimataya onse. Kuyanikanso sikuchotsa poizoni wa chuku.

Musadabwe kuchepa kwake. Masamba aawisi ndi madzi okhaokha, moti makilogalamu anayi kapena asanu opulula kale amatulutsa ufa pafupifupi kilogalamu imodzi. Ndimasinja mu mtondo wouma, kusefa, n'kuika m'botolo lotseka bwino, lobisika ku kuwala. Ndi chinyezi chathu chino sindisunga kupyola miyezi itatu, ndipo supuni yonyowa silowa m'botolomo.

Ufawu paokha suchiritsa munthu wofooka. Ntchito yake ndi kulemeretsa chakudya, ndiye phala lenilenilo liyenera kukhala lamphamvu. Ndimasakaniza makapu anayi a chimanga chosakonola ndi kapu imodzi ya soya, muyezo womwewo wa Likuni Phala, n'kukagayitsa pamodzi. Soya ndimayamba ndamukazinga pa moto wochepa kwa mphindi 15 mpaka 20, kumupera pang'ono ndi kupeta makoko. Wosakazinga amanunkha chiwisi, amatupitsa m'mimba, ndipo thupi limalephera kutengamo bwino zomanga thupi. Soya akasowa ndimathira nsinjiro, supuni zazikulu ziwiri pa mbale, koma mtedza wake ndimasankha umodziumodzi. Wofota, woboola ndi wowawa ndi umene umasunga chuku, ndipo chiwindi cha wodwala sichingapirire zimenezo.

Phala liwire mphindi zosachepera 15, likhale lolimbirapo, losayoyoka pa supuni. Lamadzimadzi limadzaza mimba popanda kanthu. Ndikaphula, ndimathira supuni yaing'ono ya mafuta ophikira kapena peyala lonyenya, popeza vitamini A amafuna mafuta kuti alowe m'thupi. Chammwamba chimalowa pomaliza, m'mbale momwemo, kuti chisawire.

Muyezo ndimayamba mochepa. Wamkulu theka la supuni yaing'ono pa tsiku, kwa masiku atatu, kenako supuni yathunthu, mpaka kufika supuni yaikulu imodzi ngati m'mimba muli bata. Mukathamangira, amatsegula m'mimba ndipo amadana nalo phalalo. Mwana amene wapyola miyezi isanu ndi umodzi ndimamupatsa theka la supuni yaing'ono basi. Wosakwana miyezi imeneyi chake ndi bere lokha.

Pali chizolowezi china chimene chimandidandaulitsa kwambiri m'dera lathu la tiyi lino, chomwera phala ndi tiyi wakuda. Tiyi amamanga ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba, moti wochepa magazi amadya koma osapindula. Ndimapatula tiyi ndi chakudya kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo pambali pa phala ndimaika papaya, gwafa, lalanje kapena nanazi wa ku Mulanje, chifukwa vitamini C amathandiza ayironi kulowa. Masana pakhale nsima ndi nandolo, usipa ndi bonongwe, kuti magulu asanu ndi limodzi a zakudya akwanire.

Amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB asasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha ufawu. Wa shuga kapena BP ayambe wauza adokotala, poti chammwamba chingathe kutsitsa shuga mopyola akachiphatikiza ndi mapiritsi. Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Mwana akatupa mapazi onse awiri, akakana kudya, kapena lamba woyezera mkono akafika pofiira, pansi pa masentimita 11.5, phala la pakhomo lachepa mphamvu. Ameneyo apite naye ku chipatala msanga akalandire chithandizo, monga chiponde.