Kuyeza kulemera kwa Jupiter m'kalasi la chaka choyamba popanda telesikopu

Zothandizira kuphunzitsa fizikisi ndi sayansi ya zakuthambo pa yunivesite zilipo zambiri zaulere. OpenStax ya ku Rice University ili ndi mabuku athunthu a maphunziro onse awiriwa, ndipo mungawakopere pa kompyuta kamodzi n'kumawerenga popanda intaneti. PhET, imene Carl Wieman anayambitsa mu 2002 ku University of Colorado Boulder, imaonetsa mafunde, magetsi ndi mphamvu yokoka zinthu m'njira yoti wophunzira asinthe chinthu chimodzi n'kuona chotsatira. Vuto limene ndimaona n'lakuti zimenezi zimangoonetsedwa pakhoma, ophunzira akuonerera ngati kanema. Zimagwira ntchito wophunzira akayeza yekha, n'kulakwitsa, n'kupeza pamene walakwitsa. Ntchito imodzi yochitira zimenezi ndi iyi, ndipo imangofuna Stellarium, pulogalamu yaulere yoonetsa thambo.

Tsegulani Stellarium, dinani F3 n'kulemba Jupiter, kenako yandikitsani mpaka miyezi yake inayi ikuluikulu ionekere: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, imene Galileo anaiona mu 1610. Dinani A kuti mpweya uchoke ndi G kuti nthaka ichoke, apo ayi dzuwa likatuluka kapena Jupiter akalowa mudzasowa choyeza. Dinaninso Ctrl+M kuti chithunzi chisamapendekeke maola akamadutsa. Ambiri amaiwala pamenepa, ndiye miyezi imaoneka ngati ikuzungulira mopingasa, ophunzira n'kusokonezeka.

Gulu lililonse lisankhe mwezi umodzi. Ndi F5 lizisuntha nthawi, n'kumayeza ndi lula pa sikirini mtunda wochokera pakati pa Jupiter kukafika pa mweziwo, kenako ligawe mtundawo ndi kutalika kwa Jupiter kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Kum'mawa kukhale ndi chizindikiro chophatikiza, kumadzulo chochotsera, ndipo asasinthe pakati pa ntchito. Akajambula girafu ya mtunda ndi nthawi, pamatuluka mzere wokwera ndi kutsika ngati funde. Nsonga ya fundelo ndi mtunda wa mweziwo kuchokera kwa Jupiter, ndipo kuchokera pa nsonga ya pamwamba kufika pa nsonga ya pamwamba yotsatira ndi nthawi imene umatenga kuzungulira kamodzi.

Yambani ndi Ganymede. Amazungulira m'masiku 7.15, ndipo nsonga yake imafika pafupifupi 7.5 kuchulukitsa kukula kwa Jupiter. Popeza Jupiter ndi wa makilomita pafupifupi 143,000 kupingasa pakati, mtundawo ndi makilomita pafupifupi 1,070,000. Ikani mu lamulo lachitatu la Kepler monga analikonzera Newton, M = 4π²a³/GT², pamene M ndi kulemera kwa Jupiter, G ndi nambala yosasintha ya mphamvu yokoka zinthu, a ndi mtunda uli m'mamita ndipo T ndi nthawi ili m'masekondi. Yankho liyenera kuyandikira makilogalamu 1.9 × 10²⁷.

Polakwika pake ndi pamene pali phunziro lenileni, choncho musathamangire kukonza. Gulu likapeza yankho lochepa kapena lochuluka ka 8, lasokoneza theka la kukula kwa Jupiter ndi kukula kwake konse, chifukwa 2 × 2 × 2 ndi 8. Likapeza nambala yaikulu mosaneneka, lasiya nthawi m'masiku. Ndipo chifukwa mtunda umalowa katatu mu lamuloli (a × a × a), kuphonya ndi magawo 5 pa 100 poyeza ndi lula kumasanduka magawo pafupifupi 15 pa 100 pa yankho lomaliza. Wophunzira amene waona zimenezi ndi maso ake safunikanso kumuuza chifukwa chake timawerengera kukula kwa cholakwika.

Io ndi wabwino kwambiri pophunzitsa msampha wina. Amazungulira m'masiku 1.77 okha. Gulu likamayeza kamodzi patsiku pa ola lomwelo, girafu imatuluka yooneka bwinobwino koma yabodza, yosonyeza masiku pafupifupi 2.3. Ndi bwino kuti gulu limodzi ligwe mu msamphawu, lina liyeze maola 6 alionse, kenako ayerekezere. Callisto amatenga masiku 16.7, ndiye kamodzi patsiku n'kokwanira, koma ayeze masiku osachepera 20 kuti aone nsonga zonse ziwiri, ya pamwamba ndi ya pansi.

Asanakhudze kompyuta, afunseni funso ili: kodi mwezi wolemera kwambiri ukanaikidwa pa malo a Ganymede, ukanazungulira mofulumira, mochedwa kapena chimodzimodzi? Aliyense ayankhe payekha pokweza pepala, kenako akambirane awiriawiri kwa mphindi ziwiri, n'kuyankhanso. Imeneyi ndi njira imene Eric Mazur anatchukitsa ku Harvard m'zaka za m'ma 1990. Ambiri amati wolemera amachedwa. Musawauze yankho panthawiyo. Magulu onse anayi akamaliza, lembani mayankho awo pa bolodi. Miyezi inayi yolemera mosiyanasiyana, yotalikirana mosiyanasiyana, imapereka kulemera kumodzi kwa Jupiter, ndipo palibe gulu limene linagwiritsa ntchito kulemera kwa mwezi wake. Pamenepo bwererani ku funso lija.

Ngati pali telesikopu yaing'ono, ngakhale ya mamilimita 50, atulutseni usiku umodzi aone timadontho tinayi tija, ndipo musanatuluke aliyense ajambule papepala pamene akuganiza kuti mwezi wake ukhala.