Ulendo wanga wa ku Waltham, kokaona kantchentche kodziwa nthawi

Usiku wanga woyamba ku Massachusetts ndinadzidzimuka 3 koloko m'bandakucha, maso ali gwa, njala ikundipweteka ngati ndachokera kudimba. Kunja kunali mdima wa ndiweyani, koma thupi langa linkaumirira kuti kwacha kalekale, ndipo silinkanama, pakuti ku Lilongwe nthawi inali itakwana 9 koloko m'mawa. Mwana wa mlongo wanga, amene ndinapita kukamuona ndipo akuchita maphunziro apamwamba a sayansi ya ubongo, atandipeza ndikuwiritsa tiyi kukhitchini anati, "Amalume, wotchi yanu ya m'thupi yatsalira kumudzi. Mawa ndikupititsani kumene anaitulukira."

Ndaphunzitsa Biology kusekondale kwa zaka zambiri, choncho mayina a Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young ndinkawadziwa kuchokera pamene analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chofotokoza mmene zamoyo zimasungira nthawi ya usana ndi usiku. Chimene ndinali ndisanachione ndi maso ndi kachilombo kamene kanawaululira chinsinsicho kali pa ntchito yake.

Tinakwera sitima ya pamtunda ku North Station mumzinda wa Boston, ndipo pasanathe mphindi 30 tinatsika pa siteshoni ya Brandeis/Roberts. Unali mwezi wa Okutobala, mitengo itafiira psuu ngati mmene mombo umachitira ukamaphuka kwathu, kungoti kuno masamba amafiira akamatsanzika. Tauni ya Waltham inatchuka kalelo ndi fakitale yaikulu yopanga mawotchi, imene nyumba zake za njerwa zidakalipo m'mbali mwa mtsinje wa Charles ngakhale kuti ntchitoyo inatha mu 1957. Pamtunda pa tauni yomweyo pali yunivesite ya Brandeis, yomwe inatsegulidwa mu 1948, ndipo ndi kumene Hall anayamba kugwira ntchito mu 1974, iye ndi Rosbash n'kugwirizana kufufuza wotchi yamtundu wina, yopanda zitsulo.

Titalowa m'chipinda chowetera tintchentche, chimene chinandilonjera ndi fungo, ndipo linali fungo lakwathu ndithu, longa la thobwa logona. Chakudya chake ndi phala lolimba la ufa wa chimanga, yisiti ndi shuga, lomwe amalithira pansi pa timabotolo totsekedwa ndi thonje. Timabotoloti tinali tambirimbiri m'mashelefu, kalikonse ndi kapepala kake. M'kati mwake munali tintchentche tomwe tija timaunjikana pa makoko a mango ndi nthochi zakupsa kwambiri, timene akatswiri amati Drosophila melanogaster. Mwanayo anagoneka tingapo ndi mpweya wa carbon dioxide, natitembenuza ndi kaburashi kofewa pansi pa maikulosikopu, nandiuza kuti ndisuzumire. Ndinaona maso ofiira okhala ngati mikanda yolukidwa, mapiko owala, ndi kansonga kakuda kumimba kosonyeza kuti kameneko n'kamphongo, komanso timano takuda ngati ta chipeso pamiyendo yake yakutsogolo. Pa kutentha kwa madigiri 25, dzira limasanduka kantchentche kachikulire m'masiku 10 okha, n'chifukwa chake munthu angathe kuona mibadwo yambiri m'chaka chimodzi.

Kenako anatsegula kabati yonga firiji, momwe munali timakina tathyathyathya, kalikonse konyamula timachubu tagalasi 32. M'kachubu kalikonse munali kantchentche kamodzi, chakudya kumapeto kwina, thonje kwinaku, ndipo pakati pankadutsa kuwala kosaoneka ndi maso. Kantchentche kakadutsa pa kuwalako, kompyuta imawerenga. Pa chithunzi chimene anandionetsa, masiku anali atandandalikidwa mizeremizere, ndipo tsiku lililonse panali mapiri awiri, lina la kutuluka kwa dzuwa ndi lina la chisisira, pakati pake pali chigwa cha kupuma masana. Ndinakumbukira alimi akwathu amene amalawirira kumunda, dzuwa likafika paliwombo n'kukhala pamthunzi, n'kubwereranso likapendeka. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti magetsi atazimitsidwa kwa masiku ambiri, mapiri a zochitachita aja sanabalalike, koma ankabwerabe pafupifupi maola 24 alionse. Kantchentcheko sikadikira dzuwa kuti kadziwe nthawi, pakuti nthawiyo kali nayo m'kati.

Nkhani yake inayambira pa yunivesite ya Caltech, ku California, kumene mu 1971 Ronald Konopka ndi mphunzitsi wake Seymour Benzer anapeza mitundu itatu ya tintchentche tosokonekera: tina tsiku lake linkatha m'maola 19, tina m'maola 28, tina tinalibiretu dongosolo. Vuto lonse linali pa jini imodzi, imene anaitcha period. Ana asukulu anga amaseka ndikatchula majini, poganizira mizimu, koma apa tikunena tizigawo ta DNA tonyamula malangizo a chibadwa. Mu 1984 gulu la Hall ndi Rosbash, komanso la Young ku yunivesite ya Rockefeller ku New York, anakwanitsa kuipatula jiniyo. Mu 1988 Kathleen Siwicki, akugwira ntchito ndi Hall, anatsogolera kafukufuku woonetsa pamene puloteni yake, yotchedwa PER, imapezeka m'mutu wa kantchentche, ndipo zinaoneka kuti imachuluka usiku n'kuchepa masana. Pofika 1990 Hall ndi Rosbash pamodzi ndi Paul Hardin anafotokoza kayendedwe kake, kamene ndimakayerekeza ndi munthu wotunga madzi amene amasiya kutunga mtsuko ukadzaza. Jini imapangitsa puloteni, puloteni ikachuluka imaletsa jini yomwe inaipangayo, kenako imaphwanyika pang'onopang'ono, jini n'kuyambiranso, ndipo kuzungulira konseku kumatenga pafupifupi tsiku limodzi. Gulu la Young linadzapeza jini ya timeless mu 1994 ndi ya doubletime mu 1998, zomwe zimathandiza kuti kuzungulirako kusafulumire kapena kuchedwa. Majini a period ife anthu tili nawo atatu, ndipo ndiwo ena mwa amene anandidzutsa 3 koloko ija.

Koma Hall sanalowe m'nkhani ya wotchi kudzera pa tulo. Mtima wake unali pa kufunsirana kwa tintchentche, ndipo ichi ndicho chimene ndinakhalitsa ndikuyang'ana masana a tsikulo. Mwanayo anaika kamphongo ndi kakakazi m'kachipinda kozungulira kochepa kuposa ndalama yachitsulo. Kamphongo kanatembenuka kuyang'ana kakakazi, kanayamba kukalondola pambuyo, kanakagunda ndi mwendo wakutsogolo, umene ndi wolawira, kenako kanatambasula phiko limodzi lokha cham'mbali n'kumalinjenjemeretsa. Imeneyo ndiyo nyimbo yake, yosamveka m'khutu la munthu popanda makina okuzira mawu, ndipo mtundu uliwonse wa tintchentche uli ndi kamvekedwe kake, kotero kuti kakakazi kamazindikira mwiniwake wa mtundu wake. Palibe amene amakaphunzitsa, pakuti ngakhale kamphongo koleredwa kokhakokha kamatsata ndondomeko yonseyi. Mu 1980 Hall ndi Charalambos Kyriacou analemba kuti jini ya period imakhudzanso kayendedwe ka nyimboyi, ndipo zimenezi ndizo zinamukokera ku wotchi. Mwanayo sanandibisire kuti akatswiri ena, poyeza ndi makina amakono, anadzatsutsa mfundoyo, ndipo mtsutsowo unafika m'magazini a sayansi. Zimenezi ndinazikonda, chifukwa ndimafuna ana asukulu anga adziwe kuti ngakhale wolandira Nobel amafunsidwa umboni.

"Tsopano onani ichi, amalume," anatero akusintha kachipinda. Ulendo uno kakakazi kanali koti kakumana kale ndi kamphongo kena. Kamphongo kathu kanayamba mwachangu monga kale, koma kakakazi kanathawa, kanaponya miyendo, kanapinda mimba mokana. Kamphongo kanayesanso, kanayesanso, mpaka patapita nthawi kanangoima pambali n'kumadzipukuta kumaso. Izi ndizo Richard Siegel ndi Hall anafotokoza mu 1979: kamphongo kokanidwa kwa ola limodzi kamachepetsa kufunsira kwa maola awiri kapena atatu, ngakhale ukakapatsa namwali amene akanakalola. Kuti kumeneku ndi kukumbukira osati kutopa chabe, umboni unachokera pa tintchentche tolumala jini yotchedwa amnesiac, timene timaiwala msanga n'kuyambiranso kufunsira ngati palibe chinachitika. Siwicki, atapita kukaphunzitsa pa koleji ya Swarthmore ku Pennsylvania, anapitiriza nkhaniyi pamodzi ndi ophunzira ake, ndipo mu 1999 anaonetsa kuti kamphongo kakakanidwa kwa maola angapo kamakumbukira kwa masiku, ndiponso kuti kachigawo ka ubongo kooneka ngati bowa kakawonongedwa chikumbukirocho chimatayika.

Ndinakhala chete kwa kanthawi ndikuyang'ana kachilombo koima pambali kaja. Ubongo wake ndi wochepa kuposa kambewu ka mawere, uli ndi maselo pafupifupi 140,000, ndipo mwa amenewa ochepa chabe ndiwo amasunga nthawi. Komabe m'kamalo kameneko muli m'mawa ndi madzulo, muli nyimbo, mulinso malo osungamo zimene zinachitika ola lapitalo. Kwa ine chofunika kwambiri n'chakuti chikumbukiro chimenechi sanachipange pomenya kantchentche ndi magetsi, ngakhale kuti njira imeneyo iliponso, koma anachipeza pongoyang'anitsitsa moleza mtima zimene kamachita kokha m'moyo wake.

Tikudikira sitima yobwerera, mwanayo anandiuza chinthu chimene ndakhala ndikuuza aliyense chibwerereni. Kantchentche aka, kamene lero kali m'malabotale a dziko lonse, kwawo kwenikweni ndi kuchigawo chathu chino cha Africa. Timene tinagwidwa ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba ku Zambia, tili m'gulu la tosiyanasiyana kwambiri m'majini, zomwe zimasonyeza kuti mtunduwu ndi wakalekale kuderali. Ndipo mu 2018 ofufuza ena analengeza kuti anatipeza m'nkhalango za Matobo ku Zimbabwe, kutali ndi midzi, tikudalira zipatso za mfula. Ndinakumbukira mtengo wa mfula umene unali kuseri kwa khola la agogo, ndi fungo la zipatso zake zikagwa n'kuyamba kuwira pansi, ndi kamtambo ka tintchentche kamene kankabuka tikamatola.

Thupi langa linazolowera nthawi ya ku Boston patatha pafupifupi sabata, ndipo nditabwerera kwathu linavutikanso masiku angapo kuti libwerere mwakale. Mango atayamba kupsa mu Novembala, ndinasiya makoko m'mbale pakhonde la labotale yathu ya kusukulu, n'kuuza ana a Fomu 3 kuti aziwerenga tintchentche tobwerapo 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 5 koloko madzulo, kwa milungu iwiri, aliyense azilemba m'kope lake. Mtsikana wina anabwera akuthamanga tsiku lachitatu kudzandiuza kuti waona kamodzi katatambasula phiko limodzi.