Geni yathu yotsuka mawu inayambira pa ulaliki wa abusa

Anthu akandifunsa kuti kodi mumapanga chani ndimati ndimatsuka mawu, ndiye ambiri amayamba adabwa kaye kuti mawunso amatsukidwa? Ine ndi mng'ono wanga tili ndi kashopu ku Kawale, munthu akabwera ndi zomwe anajambula pa foni kaya ndi ulaliki, malangizo a pa chinkhoswe, mwambo wa maliro, msonkhano wa kwa amfumu kapena ndakatulo, ife timachotsamo phokoso kuti zomwe zinayankhulidwazo zizimveka bwinobwino.

Zinayamba mu 2020 nthawi ya Covid ija boma litaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100. Kutchalitchi kwathu achikulire ambiri anasiya kubwera ndiye abusa anati tizijambula ulaliki nkumaponya pa gulupu ya WhatsApp, ndipo poti amene ndinkakhala pa mikisa, makina aja olumikizako mamaiki ndi masipika, ndinali ine ntchitoyo inagwera ine. Sabata yoyamba ndinangoika foni pa benchi yakutsogolo. Madzulo ake agogo ena anandiimbira nkunena kuti mwana wanga, ndayesetsa kutchera khutu koma ndangomva Ameni yekha. Zinandikhudza kwambiri chifukwa agogowa anali atagula bandulo ndi ndalama yawo yochepa kuti amve mawu a Mulungu.

Usiku womwewo ndinaika Audacity pa laputopu, ndi pulogalamu yaulere, nkuyamba kuphunzira pang'onopang'ono. Choyamba kuchizindikira chinali kaphokoso kaja kongoti hmmm pansipansi. Magetsi athu kuno amayenda pa 50 Hz (Hz ndi muyeso woonetsa ngati kulira kuli kwapansi kapena kwapamwamba), ndiye waya wa maiki ukakhala wotha kapena mikisa ilibe earth yabwino kulira kumeneko kumalowa mu mawu, pa 50 pomwepo komanso pa 100 ndi 150, ukadula malo amenewo okha mutu umapepuka nthawi yomweyo. Zapansi pa 80 Hz ndimadulanso chifukwa kumeneko kumakhala mphepo ndi kugunda kwa guwa mlaliki akamamenya ndi dzanja, mawu enieni a munthu kumakhala kulibe ambiri. Phokoso losasintha ngati la fani kapena jenereta ndi losavuta, umaionetsa kompyuta kachigawo komwe palibe akuyankhula, iyo nkuliphunzira nkulichotsa monse. Nchifukwa chake aliyense ndimamuuza kuti musanayambe mwambo isiyeni foni ijambule kaye masekondi 10 muli chete.

Koma apa ndi pomwe ndinaphunzira chinthu chachikulu pa ntchito imeneyi. Ukachotsa phokoso mopyola muyeso mawu amamveka ngati munthu akuyankhulira pansi pa madzi, ndipo pa Chichewa ndiye zimavuta kwambiri chifukwa kampweya kaja ka ph, th ndi kh makina amakatenga ngati phokoso. Phala limasanduka pala. Tinayesakonso mapulogalamu ena a AI a pa intaneti omwe umangoponyamo fayilo iwo nkukonza okha, pa chizungu amachita bwino ndithu koma titaikamo ulaliki wa Chichewa mawu ena anatuluka otafunidwa ngati abusa akuyankhula chilankhulo china. Lero timawagwiritsa ntchito mosamala kwambiri, ndipo fayilo iliyonse ndimaimvera ndekha ndi mahedifoni kuyambira poyamba mpaka pothera.

Ntchito yomwe sindidzaiwala inabwera ndi mayi ena a ku Area 25. Bambo awo anali atamwalira ndipo mawu awo okhawo omwe anatsala anali a pa chinkhoswe cha mchemwali wawo, pomwe ankalangiza ana. Tsikulo kunagwa chimvula, holo yake ya malata yopanda siling'i, ndiye wojambula anali kumbuyo kwenikweni. Mvula pa malata ndi mdani wamkulu chifukwa phokoso lake limakuta paliponse, pomwe pali mawu a munthu iyonso ili pomwepo, sungaidule osadula munthuyo. Ndinawauza poyambirira kuti mayi, sindikulonjeza kuti mvulayi itheratu. Ndinakhala nayo masiku atatu, chiganizo chimodzi chimodzi, apa kukweza pang'ono apa kutsitsa, mvula ina ndinaisiya dala. Atabwera ndinawaveka mahedifoni, anakhala chete manja ali pachibwano, kenako misozi. Atatha anati achimwene, pali pena pomwe bambo anatsokomola asanatchule dzina langa, mwachotsa chifukwa chani? Ndinali nditachotsadi poganiza kuti ndi phokoso. Ndinabwezeretsa pomwepo iwo akuona. Kuyambira tsiku limenelo nthungululu, Ameni wa mpingo, kuseka kwa anthu, sindichotsa ndisanafunse mwini wake.

Geniyi yadutsanso mu zovuta zake. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 magetsi ankazima maola ambiri moti tinkagwira ntchito usiku, kenako tinasonkha nkugula batire ndi kasola kamodzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya maiki ndi mahedifoni inakwera koopsa pomwe makasitomala athu ambiri ndi mipingo ing'onoing'ono ndi mabanja, sungawakwezere kwambiri. Ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ena pang'onopang'ono, timamvana.

Pali zina zomwe mpaka lero timalephera ndipo timanena chilungamo. Munthu akaika foni pafupi ndi sipika mawu nkuphulika, nsonga za mawuwo zimakhala zadulidwa kale pojambula, timangochepetsako kukalipa kwake basi. Chimodzimodzi vidiyo yomwe yazungulira magulupu asanu a WhatsApp, imafika itafinyidwa, ndiye timapempha kuti mutitumizire yoyambirira ngati document kapena mubwere nayo pa fulashi.

Nchifukwa chake chaka chathachi tinagula timaiki tiwiri tokoleka pa kolala ndi karekoda kakang'ono, timabwereketsa kapena mng'ono wanga amapita yekha kukajambula kuchokera pa mikisa. Maiki ikakhala pafupi ndi pakamwa, ntchito yomwe ikanatenga masiku atatu imatha ola limodzi. Loweruka likubwerali ali ndi chinkhoswe ku Likuni ndipo ndamuuza kale kuti akakoleke kamaiki pa jekete la ankhoswe mwambo usanayambe, poti mitambo yayamba kale kuda.