Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chimene ndinkatsekera jimu Lachitatu ndi Lamlungu

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka amayi a ku Sadzi amene mwakumbukira kuti zitsulo zathu zoyamba zinali simenti yothira m'zitini za penti. Ambiri mwafunsa chimene chinandidanitsa ndi mkulu uja tinayamba naye jimu ku Chinamwali. Dzina sinditchula, a ku Zomba mukumudziwa.

Tinayambana pa nkhani ya kupuma. Ine ndinaika lamulo loti Lachitatu ndi Lamlungu chitseko chizikhala chotseka, ndipo amene wanyamula zitsulo zolimbitsa chifuwa lero asakhudzenso benchi yonyamulirapo mpaka papite maola 48. Iye ankauza anyamata kuti ndikuwadyera ndalama, akulipira mwezi wathunthu ine n'kumawabweza pakhomo. Ankati mwamuna satopa.

Lamulo limeneli sindinalitole pamsewu. Anandiphunzitsa ndi msilikali wopuma uja wa ku Cobbe Barracks, amene ndinakuuzani m'gawo 4. Ankati chitsulo sichikulitsa mnofu, ntchito yake n'kuung'amba pang'onopang'ono mkati. Kukula kumabwera pambuyo pake, munthu akadya bwino n'kugona maola 7 kapena kupitirira, thupi likamakonza pamene pang'ambika. Wonyamula tsiku ndi tsiku ali ngati mlimi wofukula mbewu m'mawa uliwonse kuti aone ngati yamera.

Ine ndi mkulu uja tinasiyana. Anatsegula yake, anyamata ambiri n'kumutsatira, ndipo pakati pawo panali mwana wa achemwali anga, yemwe uja ndinamulera.

Ndinkamuona akutha ndi maso angawa. M'mamawa ankathamanga kukwera msewu wa Ku Chawe, madzulo zitsulo, mawa lake chimodzimodzi, ndi dzuwa la Okutobala lija. Nsima anayamba kusiya m'mbale, ngakhale ya matemba a ku Chilwa amene ankawakonda. Usiku tulo osabwera. Ukamufunsa kanthu kakang'ono, mtima pamwamba. Chimfine sichinkamuchoka, ndipo zitsulo zimene ankanyamula mosavuta zinayamba kumukana. Anakayezetsa malungo, sanapezeke. Tsiku lina ndinamukhazika pakhonde, ndinati, iwe, ukangodzuka uziwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi usanatsike pabedi, ukaona masiku angapo ukugunda mothamanga kuposa mmene umachitira, siya zitsulo sabata yathunthu. Anaseka. Anati, “Ankolo, inu mwakalamba.”

Foni ya achemwali inalira pakati pa usiku. Mwana uja ndinamupeza ali gone pamkeka, ntchafu zitatupa, mwendo osatha kuupinda, akulira ngakhale ankayesa kubisa. Madzulo a dzana lake ku jimu ya mkulu uja anawachititsa masikwati, masewera onjuta n'kudzuka aja, mpaka kugwa, m'kanyumba ka malata kopanda mphepo, madzi akumwa palibe. Achemwali anandionetsa chitini chimene anakodzeramo. Mkodzo unali wakuda bii.

Kuchipatala adokotala anati ndi rhabdomyolysis. Minofu ikawonongeka kwambiri imatayira m'magazi chinthu chotchedwa myoglobin, ndipo chimenechi chikachuluka chimavulaza impso, mpaka zimatha kusiya kugwira ntchito. Anamuika madiripi, lina likatha lina, anamwino akuyeza mkodzo uliwonse umene watuluka. Ine ndinkakhala pabenchi panja pa wodi, kuyang'anira botolo lija pawindo. Usiku wina achemwali anabwera n'kukhala pambali panga. Sanakalipe. Anangofunsa chapansipansi kuti, “Achimwene, kodi si inu munamugwiritsa chitsulo choyamba?” Ndinasowa choyankha. Ndinkafuna kunena kuti ndinamuchenjeza, kuti lamulo langa ndi limene analithawa, koma mayi amene mwana wake ali pa diripi sungamuuze zimenezo. Tinakhala chete mpaka kunacha, tikumva alonda akusinthana pageti. Mpaka lero funso limenelo limandiwawa kuposa mawu onse amene mkulu uja anandinenera.

Impso zinapulumuka. Mkodzo unayamba kuyera, anatuluka, ndipo panadutsa miyezi asanakhudze chitsulo. Panopa ndi bambo wa ana awiri.

Mkulu uja sanapondeko kuchipatala. Ndinamva kuti ankauza anthu kuti mwanayo anali wofooka chibadwire, ena n'kumati anamulodza. Akulu, ndikudziwa kuti mumawerenga zimene ndimalemba. Mwana uja sanalodzedwe. Munkamuona akuonda, munkaona zitsulo zikumukana, inu n'kumamuwonjezera. Sindinakusumireni kulikonse, koma musamauze anthu kuti ndinakuchitirani nsanje.

Kwa achinyamata amene mwandifunsa ku inibokosi: kuphwanya kwa minofu kumene kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu mutanyamula, n'kutha kokha, sikoopsa. Ululu wobaya wa m'bondo, m'phewa kapena m'chigongono ndi nkhani ina, pamenepo siyani. Ku jimu kwanga pakatha masabata angapo olimba timakhala ndi sabata yopepuka, timachepetsa zitsulo zimene timanyamula, ndipo Lachitatu ndi Lamlungu ndimatsekabe. Mkodzo ukada mutachita masewera olimba, musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

M'gawo 10 ndidzakuuzani mmene eni nyumba anatichotsera ku Chinamwali mvula ili pakati, ndi mmene tinasamutsira zitsulo zonse pa ngolo kupita ku Matawale.