Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Makademiya m'tsinde mwa phiri la Ntchisi

M'gawo lapitalo tinalekezera nditatsika basi ya ku Joni ku Lilongwe, kandalama kanga ka m'galaja ya ku Johannesburg nditakamangirira m'chiuno. Aliyense anali ndi nzeru zondipatsa. Ena ankati gula minibasi, ena puloti ku Area 25 umange nyumba za lendi. Ine mtima unali kwa amayi ku Ntchisi, mudzi umene ndinachokako ndili mu Sitandade 4.

Kwathu umakwera ya ku Kasungu n'kutsika pa Mponela, kenako ina yokutula pa boma la Ntchisi. Kuchoka pamenepo ndi kabaza wa njinga yamoto. Chilimwe umafika uli mbuu ndi fumbi. Dzinja katondo amaterera, ndipo pa zitunda wakabaza amakutsitsa kuti muzikankha nonse, koma mtengo wake sachotserapo ngakhale tambala.

Amene sanafikeko amaganiza kuti m'chigawo chapakati mitengo inatheratu ndi fodya ndi makala. Pitani mukaone phiri la Ntchisi. Mmunsi muli mitengo ya mombo ndi masuku, mmene amayi amazula bowa ndi kutola matondo mvula ikagwa. Ukakwera pang'ono zinthu zimasinthiratu. Mitengo italiitali yakumana nsonga, masana kumachita kamdima, pansi pali chinyontho ngakhale mu Okutobala. Ndinaima nthawi yaitali pa kachere wina amene anamera pa mtengo unzake, n'kutsitsa mizu yake mozungulira mpaka mwini malo anauma n'kuola, pakati patsala mphako yoti munthu wamkulu n'kulowamo chiimirire. Anchima amalumpha m'mwamba osakuwerengera n'komwe. Kukacha bwino, uli pamwamba, nyanja ya ku Nkhotakota imaoneka patali.

Boma la atsamunda linaika nkhalangoyi m'gulu la zotetezedwa mu 1924, ndipo nyumba imene inamangidwa mu 1914 kuti bwana DC azikhalamo ndi imene lero kumagona alendo odzaona malo. Koma agogo ankati anasunga mitengoyo ndi makolo athu, chifukwa ndi mmene ankabisalamo Angoni akabwera ndi nkhondo, ndiye palibe amene akanayerekeza kuikamo nkhwangwa.

Chimene chinandikoka ndi madzi. Timitsinje tochokera m'nkhalangomo sitiphwa, ndipo nyengo ya kumeneko ndi yozizira, yoyanjana ndi makademiya. Alimi ena m'bomali anali atayamba kale kudzala ndi kugulitsa kudzera m'makopaletivi. Mbande yomezanitsa imayamba kubereka pakatha zaka zinayi kapena zisanu, ndipo kuti ifike pachimake pamafunika zaka khumi kapena kuposerapo. Ndinaona kuti zimenezo ndingapirire.

Mtunda unali pa malo. Kwathu munda ndi wa mbumba, ndipo mwini mbumba ndi atsibweni. Ndinawapeza pakhonde akusoka mphasa, ndinafotokoza zonse, iwo osadzutsa mutu. Nditamaliza anazika singano m'bango n'kundiyang'ana.

"Mwana wa mlongo wanga, munda ulipo, uja wa kudambo kumtunda. Chimanga ungalime mmene ungafunire. Koma mtengo ndi nkhani ina. Ukadzamwalira, ana ako ali kwa amayi awo ku Dedza. Mitengoyo idzakhala ya ana a alongo ako. Wazimva?"

"Ndamva, atsibweni. Nanga titakalembetsa malowo ku boma, poti lamulo la 2016 likulola?"

"Ulembetse m'dzina la yani?"

Ndinakhala chete. Iwo anatola singano yawo n'kupitiriza kusoka.

Anthu a m'tauni akamva zotere amafulumira kunena kuti miyambo ikubwezeretsa chitukuko m'mbuyo. Mbali ina akunena zoona: amuna ambiri a pachikamwini sadzala mtengo wokhalitsa, poti akudziwa kuti banja likatha adzanyamula kathumba kokha. Komabe ine ndinaona ku Joni anthu amene kwawo anagulitsa malo onse, ntchito itatha analibe kolowera. Ine ndinachoka pamudzi ndili kamwana, osatumizako ngakhale thumba la feteleza zaka zambirimbiri, koma nditabwera munda unali kundidikira. Mwambo umene unandisungira mundawo ndi womwewo unkandiuza kuti mitengo si ya ana anga.

Tinagwirizana pamaso pa amfumu, nkhuku itaperekedwa. Ndalama za mbande, mapaipi ndi aganyu ndi zanga. Woyang'anira ndi achemwali anga aakulu, amene sanachokepo pamudzi. Zokolola tizigawana pakati ndili moyo, ndikapita zonse ndi za mbumba. Tinadzala ndi mvula ya mu Disembala 2021.

Achemwaliwo ndi amene anabweretsa nkhani ya njuchi. "Achimwene, mitengo yanuyi tidya liti? Aganyu tiziwalipira masamba?" Analankhula ndi a komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi pamodzi ndi alangizi a zankhalango, ndipo tinaloledwa kupachika ming'oma ya matabwa m'mphepete mwa nkhalango. Ndinakaonerera kufula koyamba usiku. Mnyamata wovala chovala chotchinga nkhope anapemerera utsi pakhomo pa mng'oma, n'kuyamba kutukula timatabwa ta pamwamba kamodzikamodzi. Zisa zokhala ndi ana ankazibwezera, zomata bwino n'kuzidulira m'ndowa. Uchi wake ndi wakuda, wolemera, wowawirako pang'ono kukhosi. Ku Lilongwe sukhalitsa. Ndipo pomwe papachikidwa mng'oma, wootcha makala amaganiza kawiri, poti mwini mng'omawo ndi mnansi wake, osati mlonda wa boma wobwera mwa apo ndi apo.

Za makalazo ndinenepo pang'ono. Lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera. Koma mnyamata wokankha matumba atatu pa njinga usiku sindimuda. Amene akuphikira makalawo ndi ife tomwe a ku Lilongwe, ine ndemwe ndikakhala m'tauni magetsi atazima.

Zovuta zina ndi zodziwika. Netiweki imagwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndiye ndikatumiza ndalama pa Airtel Money achemwali amakwera pamenepo kukadikira uthenga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thanki ya madzi imene ndinkafuna kumanga inathera pa maziko, ndipo mpaka lero mbuzi ndi zimene zimagonapo. Mbande zina chiswe chinadya, tinabwezeretsa.

Mitengo yoyambirira yayamba kugwetsa mtedza, wochepa, wosadzaza ndi lichero lomwe. Achemwali anauyanika pa chisakasa mumthunzi monga anatiphunzitsira alangizi, ndipo adzukulu akuuswa ndi miyala mobisa.

Munthu mmodzi yekha sanakhalepo pa bwalo la amfumu lija: mayi a kunyumba. Ndinawauza zonse mitengo ili kale m'nthaka. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Ndiye thukuta lonse la ku Joni lija, ana athuwa apezapo chiyani?" Zimene zinatsatira funso limenelo, mpaka ankhoswe kuitanidwa kuchokera ku Dedza, ndi za gawo 10.