Mnyamata wa Mipikisano Inayi

Bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewera a m'makoleji ku America, linachititsa mpikisano wake woyamba wa ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa munthu atavala matabwa aatali kumapazi, mu 1954 kufupi ndi mzinda wa Reno ku Nevada. Opikisana anali ophunzira aamuna okhaokha, ndipo chikho chinapita ku Yunivesite ya Denver, yomwe inachisunga zaka zinayi zotsatizana mpaka koleji ya Dartmouth inachilanda mu 1958.

Mphunzitsi wa timu ya Denver anali Willy Schaeffler, mbadwa ya ku Germany, amene anapambana zikho 13 ndi timuyi, zisanu ndi ziwiri mwa izo motsatizana kuyambira 1961 mpaka 1967. Yunivesite ya Colorado inabweza moto m'zaka za 1972 mpaka 1979, ngakhale kuti mu 1976 inagawana chikho ndi Dartmouth. Komabe chimene chimandigwira mtima kwambiri m'mbiri imeneyi si kuchuluka kwa zikho ayi, koma mtundu wa katswiri amene mpikisanowu unkalemekeza.

Pa nthawiyo panali mipikisano inayi: kutsetsereka mwaliwiro kuchokera pamwamba pa phiri, kukhotakhota pakati pa mitengo yozikidwa mu chipale chofewa kumene amakutcha slalom, kuyenda mtunda wautali, ndi kudumpha. Amene wachita bwino kuposa onse akaphatikiza zonse zinayi ankapatsidwa dzina laulemu lakuti skimeister. Tangoganizani mnyamata mmodzi yemweyo, amene tsiku lina wapinda maondo n'kutsika phiri mphepo ikulira m'makutu, tsiku lotsatira akudzikankha ndi ndodo ziwiri m'nkhalango, thukuta likuuma pa nsidze chifukwa cha kuzizira, kenako n'kuima pamwamba pa nsanja yodumphira, akuyang'ana anthu ooneka ngati nyerere pansi. Mpikisano uliwonse umafuna matabwa ake, nsapato zake ndiponso thupi lake, moti wofuna kuichita yonse ankavomereza kuti mwina sadzakhala woyamba pa uliwonse.

Ena mwa ophunzirawa anafika patali. Chiharu Igaya wa ku Japan, amene ankaphunzira ku Dartmouth, anapata mendulo ya siliva pa slalom ku Olimpiki ya 1956 ku Cortina m'dziko la Italy, ndipo Jimmie Heuga wa pa Yunivesite ya Colorado anapata ya buronzi ku Olimpiki ya 1964 ku Innsbruck m'dziko la Austria.

M'zaka za m'ma 1970 dzina la skimeister linatha, mpikisano wotsetsereka mwaliwiro unachotsedwa, ndipo kudumpha kunachitika komaliza mu 1980. Mu 1983 akazi analowa, mapointi awo n'kumaphatikizidwa ndi a amuna, ndipo Yunivesite ya Utah ndiyo inatenga chikho choyamba chophatikizachi. Kusintha kumeneku ndimakuyamikira ndi mtima wonse, pakuti timu siingapambanenso ngati yanyalanyaza atsikana ake. Chimene ndimadandaula n'chakuti masiku ano wa slalom amadziwa slalom, wa mtunda wautali amadziwa mtunda wake, ndipo palibenso chikho choyembekezera mnyamata uja wa mipikisano inayi.